Chilimwe Chomwe Tinatulutsa Bambo M'nyumba

Gull Arm, Newfoundland
9 Meyi 2022

Mlongo wanga Selby,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu anga a Joanne ndi mwana wathu Tess. Kuno tilipo, ndipo alamu ako a Clar akuti ndikupatse moni. Ndalemba pa pepala dala. Foni yako ndikaimba imangolira, ukayankha umati uli pa ntchito ndipo undiimbira ukaweruka. Kalata ndiye sungaidule.

Nkhani ndi ya bambo. Mliri uja anthu atopa nawo, matchalitchi atsegula, ku holo ayambanso kuvina Loweruka, koma bambo uthengawo sunawafike. Chimwalirire amayi sanatulukepo pa geti. Ndikawabweretsera zogula amati ndisiye pakhonde, kenako amapukuta chitini chilichonse ndi kansalu. Munthu amene moyo wake wonse anali pa boti, manja akununkha nsomba, lero akusambitsa chitini cha mkaka. Tsiku lonse amakhala pa mpando wa amayi, makatani ali chitsekere. Mumtima mwawo anagamula kale kuti ndi iwo analowetsa matenda m'nyumba tsiku lija anapita kukagula misomali, ndipo palibe angawachotse pamenepo.

Nesi amene amabwera kudzawayeza wandiuza mosapsatira kuti asakhalenso okha nyengo yachisanu ikubwerayi. Akunena zoona. Mu Febuluwale ndinawapeza mbaula itazima, iwo atavala majekete awiri, akuti nkhuni zili panja. Nkhunizo ukuzidziwa pomwe zimakhala, kuseri kwa khomo la kukhitchini.

Kwathu malo kulibe, chipinda chinacho muli kale amayi a Clar. Zija unanena pa Khirisimasi, zowatengera kwanu ku Alberta, sindinaiwale. Sindikuvomera, komanso sindikukana. Bwera udzawaone ndi maso ako. Ndege zayamba kuuluka, chonamizira ulibenso.

Ndili ndi pempho limodzi. Ukabwera m'chilimwe, tiwatengere ku gombe la St. Vincent's tsiku limodzi lokha, nthawi imene tinsomba tija ta kapelini timatulukira ku gombe. Palibe chachikulu, tiyi wa m'fulasiki, buledi wopaka manyuchi, n'kukhala pa miyala basi. Ngati chilipo chimene chingawatulutse m'nyumba muja ndi tinsomba timeneto. Ine amandikanira, koma iwe mwana wa kutali sakukana kanthu.

Undiyankhe, undiuzenso ngati Tess mano aja anamera.

Mchemwali wako,
Verna


Fort McMurray, Alberta
25 Meyi 2022

Achemwali,

Kalata yanu yafika, zikomo. Tonse tili bwino. Tess anaitembenuza uku ndi uku n'kufunsa ngati azakhali ake magetsi anawadulira. Mano anamera, aakulu kuposa nkhope.

Za bambo zandisautsa, ndinawerenga ndili m'basi ya ku migodi ya mafuta ndipo tsiku lonse ntchito sinayende. Koma mtima wakhala pansi poona kuti mwavomera. Ine ndi Joanne sitinachedwe. Chipinda chapansi tapaka utoto, chilibe masitepe, ndipo chimatentha bwino. Zenera lake limayang'ana poimika magalimoto, komabe patsidya pali mitengo. Chipatala chili pafupi. Komanso musaiwale kuti theka la tauni ino ndi anthu a kwathu, Lachisanu amakumana n'kumasewera makadi, bambo sadzasowa wokangana naye.

Tikiti yawo ndagula kale, yopita basi. Tidzanyamukira limodzi Loweruka pa 16 Julayi.

Maganizo anu a ku St. Vincent's ndawakonda kwambiri. Munthu ngati bambo sangangochoka ngati wothawa, ayenera kutsanzikana ndi nyanja bwinobwino. Tsono mundithandize chinthu chimodzi. Abwana akufuna ndilembe masiku anga a tchuthi sabata ino, ndiye mundiuze kuti chaka chino kapelini atuluka tsiku liti, ndikonzeretu.

Bambo muwauze ndinu. Inu mumadziwa polowera, ine ndikhoza kuyamba ndi kolakwika.

Mlongo wanu,
Selby


Gull Arm
8 Juni 2022

Selby,

Moni kwa onse. Ndinatsikira ku doko kukawafunsa akapeliniwo za tsiku, akuti abwana ako awalembera okha.

Iwe mwana wa Eldred Tizzard, wobadwira m'nyumba yonunkha mchere, ungafunse funso limenelo? A Clar anaseka mpaka tiyi anawatulukira m'mphuno. Mafuta akudya mutu. Kapelini amabwera akafuna, chifunga chikakhala pansi osasuntha ndipo zovala zikakana kuuma pa chingwe. Mwina kumapeto kwa mwezi uno, mwina mu Julayi. Bwera sabata ziwiri zomalizazo, zinazo tisiyire mwayi.

Tsopano za tikiti. Ndinalemba kuti sindikuvomera komanso sindikukana, iwe wawerenga theka lokukomera. Ndinakwiya, kalata yako inagona pansi pa ketulo masiku angapo. Koma nditakwiya n'kutopa ndinadzifunsa kuti nanga njira yanga ndi iti, ndipo ndinapeza kuti ndilibe. Ndatopa, Selby. Zimenezi sindinauzepo munthu.

Choncho ndinawauza. Ndinaima pakhonde monga mwa lamulo lawo, iwo ali mkati, pakati pathu pali chitseko cha sefa. Ndinayembekeza kuti atukwana monga ankatukwanira injini ya boti. Anangoyang'ana pansi n'kunena kuti, "Chabwino."

Mawa lake ndinapeza katoni pakhonde, atalembapo dzina la a Clar. M'katimo munali magambutsi awo, jekete la pa nyanja, ndi ukonde woponya uja analuka okha iwe uli khanda. Wotchi ya pakhoma apatsa aneba. Tsiku lililonse pakhondepo pamatuluka kanthu, nyumba ikunka ipepuka. Sakudandaula, ndipo n'zimenezo zikundiopsa. Ndikanakonda akanandithamangitsa ndi tsache.

Za St. Vincent's akukana. Ubwere udzayese wekha.

Verna


Gull Arm
12 Juni 2022

Mwana wanga Selby,

Moni. Ine ndili bwino. Upereke moni kwa mkazi wako ndi kwa mwana.

Verna wandiuza zonse. Sindidzakuvutitsani. Ndimadzuka m'mawa koma sindichita phokoso. Ndimadya chilichonse kupatula mpunga.

Za ku St. Vincent's usavutike nazo. Kumakhala anthu ambiri, ndipo nyanja ndinaiona kale.

Undiuze chinthu chimodzi. Kumeneko munthu akadzuka, amayang'ana chiyani kuti adziwe mmene tsiku likhalire?

Bambo ako,
Eldred Tizzard


Gull Arm
13 Julayi 2022

Wokondedwa Joanne,

Uli bwanji, nanga Tess? Pa foni paja unandifunsa kuti zayenda bwanji ine n'kungoti bwino. Mawu anandithawa. Ndatenga pepala la achemwali kuti ndilembe bwinobwino, ndikamaliza ndilijambula ndikutumizire. Iwe unakulira m'minda ya tirigu, ndiye uleze mtima ndi ine.

Ukudziwa mmene masiku apitawa akhalira. Bambo kundilonjera ndi chigongono, kuvala masiki m'nyumba mwawo momwe, ine kudyera kumapeto kwa tebulo. Panja chifunga chokhachokha. M'mawa uliwonse alamu a Clar ankaimbira msuweni wawo wa ku St. Vincent's, yankho lake limodzimodzi, kapelini sanafike. Ndinali nditataya kale mtima. Lero tikumwa tiyi foni inalira, alamu anamvetsera pang'ono, kenako anaimirira n'kuyamba kufunafuna makiyi.

Bambo anakana monga tinkayembekezera. Ndinayesa zanga zonse, osatheka. Anawagonjetsa ndi achemwali, amene anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Ababa, Loweruka mukukwera ndege yodzaza anthu mpaka kukhomo. Galimoto ya a Clar ndiye ikuopseni?"

"Ndipita," anatero bambo, "koma sinditsika."

Analowa kumbuyo atavala masilipasi a m'nyumba, masiki ali kukamwa, manja ali pa mawondo. Njira yonse achemwali ankawalozera tchalitchi chija, dziwe lija, iwo n'kumangogwedeza mutu ngati mlendo waulemu.

Tinafika chifunga chikuyamba kunyamuka. Gombe la kumeneko ndi lalitali, la nsangalabwi zokhazokha, ndipo limatsetsereka msanga, moti ukayenda pang'ono m'madzi wafika kale pakuya. Choyamba kundipeza chinali fungo. Kapelini akakhala ambiri amanunkhira nkhaka zongodula kumene, ndipo ndinali nditaiwala. Kenako ndinaona kuti madzi a m'mbali mwa gombe ada bii, mzere wakuda kuyambira pomwe tinaima mpaka kumene maso amalekeza. Funde linadzuka, likubwera, ndipo litasweka pa miyala silinali madzi. Linali nsomba. Funde lonse, kuyambira pansi mpaka pamwamba, tinsomba tating'ono tonyezimira, tikuphiriphitha pa miyala, kuikira mazira, n'kudikira funde lina litibweze. Linzake linabwera chimodzimodzi, ndi linzakenso. Pansi pa nsapato panali pofewa ndi mazira.

Ndinaziona ndili mwana, Joanne, koma mwana sadabwa, amayesa dziko ndi mmene limakhalira. Lero ndinachita mantha ndi kuchuluka kwake. Ndinaima pakamwa pali pululu ngati mlendo wa ku Toronto.

Anthu anali mbwee. Ena ndi ndowa, ena ndi maukonde, agogo ena akutunga ndi sefa ya kukhitchini, mayi wina akukokolola ndi chikwama cha pilo. Anthu osadziwana ankagwirana m'mapewa kuti asagwe, akuseka, nkhope zili poyera. Kumwamba mbalame zoyera zinkapinda mapiko n'kudzigwetsa m'madzi motsatizana.

Tili choncho tinamva mpweya, phuu, ngati wina watsegula paipi yaikulu. Anamgumi anali atafika. Amatsata kapelini, ndipo poti pamenepo m'pakuya, amabwera mpaka pafupi ndi mapazi a anthu. Woyamba anatulutsa msana wokha, wakuda, wautali, ukungotuluka osatha, kenako mchira. Gombe lonse linaima n'kuyang'ana. Ngakhale ana anasiya kuthamanga.

Ndinacheuka kuyang'ana galimoto. Bambo anali momwemo, galasi lili chitsekere.

Ndinati basi, ndiwagwirire nsomba zochepa akadye. Ndinatenga ukonde woponya uja anapatsa alamu. Ndi wozungulira, m'mphepete muli zitsulo, ndipo ukauponya bwino umatambasuka m'mwamba n'kuvundikira nsomba. Ine ndinauponya, unagwa ngati mtolo wa zochapa. Ndinaponyanso, unandikola mwendo. Alamu anakhala pansi ndi kuseka.

"Alamu, nsombazo mukuziopseza kapena mukuzipatsa moni? Bwererani ku mafuta, kuno mutichititsa manyazi."

Kachitatu unagwera kumbuyo kwanga. Pamenepo ndinamva chitseko cha galimoto.

Ankabwera pang'onopang'ono, masilipasi akuterereka pa miyala, akulambalala anthu patali. Achemwali anafuna kuthamanga kukawagwira, alamu anawakoka malaya. Atafika sanayang'ane nyanja, anayang'ana ine.

"Anakuphunzitsa zimenezi ndani? Anthu asamve kuti ndiwe wanga." Kenako anatembenukira kwa alamu. "Clar, vula magambutsi angawo."

"Apongozi, si munandipatsa?"

"Ndinakubwereka. Vula."

Alamu anatsala ndi masokosi. Bambo anavala, anatenga ukonde, anaukonza mapindo ake pa mkono, zala zikuyenda zokha. Tsono pali chinthu chimene ine ndinali nditaiwala, n'chifukwa chake ndinkalephera. Ukonde umenewu manja awiri saukwanira. Mphepete imodzi umailuma ndi mano, n'kuisiya pa nthawi yoponya. Bambo anakweza chingwecho kupita nacho kukamwa, chinagunda masiki. Anaima. Anayang'ana anthu kumanja, anayang'ana kumanzere. Mumtima ndinati zathera pomwepa, abwerera ku galimoto.

Anakoka masiki aja n'kuwaika m'thumba.

"Apongozi," anatero alamu, mawu ali pansi, "mano a kusitolowo asapite ndi ukonde."

"Tseka pakamwa, iwe wopanda nsapato."

Analuma, analowa m'madzi mpaka m'mawondo, anadzipotokola n'kuponya. Ukonde unatambasuka wonse, wozungulira bwinobwino, unaima kaye m'mwamba n'kutera. Mano anatsala. Anthu a pafupi anaomba m'manja. Pokoka tinachita kuthandizana atatu.

Akukonza kuti aponyenso, madzi a kutsogolo kwawo anayamba kuwira, nsomba zikudumpha kuthawa. Namgumi anatuluka pomwepo, kukamwa kuli yasa. Sindikudziwa kuti ndikuuze bwanji kukula kwake. Mutu wokha unatitchingira nyanja yonse. Khosi linali lotupa ndi nsomba, madzi akukhuthuka m'mbali mwa kamwa, ndipo ndinaona diso lake, laling'ono, lodekha. Anatseka kukamwa, anapuma, mpweya wake wofunda ndi wonunkha unatigwera kumaso ngati mvula yowaza. Kenako anamira mwakachetechete, ndipo funde lake linawamenya bambo m'chiuno.

Ine ndinali nditathawira kumtunda, sindibisa. Bambo sanasunthe. Nditabwerera kukawagwira mkono ndinapeza nkhope yawo yanyowa, akuyang'anabe pamene panali chinyamacho.

"Ankabwerabe," anatero. "Zaka ziwiri zonsezi ife tili m'nyumba, awa ankabwerabe."

Ndinawagwira mkono n'kutuluka nawo m'madzi.

Zotsalazo zinali za tsiku wamba, ndipo mwina n'zimene ndakondwa nazo koposa. Dzuwa linatuluka. Tinayala bulangete, achemwali anatsegula fulasiki, bambo anadya buledi wa manyuchi ndi manja a nsomba osafunsa sopo. Mayi wa chikwama cha pilo uja anabwera kudzafunsa za ukonde, anakhala naye phewa ndi phewa akumuonetsa mfundo. Kenako anagona chagada pa miyala, chipewa chili kumaso, n'kuyamba kuliza mkonono. Achemwali anavula nsapato. Tinakhala choncho nthawi yaitali, tikumvera anamgumi akupuma.

Atadzuka anagwiranso ukonde. Tinadzaza ndowa zonse, iwo akuti sizinakwane. Tinadzaza beseni, tinadzaza matumba, mpaka galimoto ya alamu inakhala pansi kumbuyo. Ndikuona kuti akufuna tizithire mchere tibwere nazo, ndiye upezeretu malo mufiriji yaikulu ija, ndipo aneba uwachenjeze za fungo. Mawa m'mawa ndikagula mchere ndi bokosi lonyamulira.

Pochoka anatsalira pang'ono m'mbuyo, anavula chipewa n'kuyang'ana nyanja. Ndikuganiza kuti kutsanzika kuja kwachitika, ndipo kwachitika bwino. Loweruka tikufika tonse awiri.

Wako,
Selby


Gull Arm
14 Julayi 2022

Joanne,

Moni wa masana. Iyi ndi yaifupi, manja ali ndi dothi.

Ndinapita kukagula mchere ndi bokosi monga ndinanenera. Pobwera ndinapeza makatani onse atsegulidwa, m'nyumba mulibe munthu, ndipo ndowa m'shedi mulibe. Ndinatsata fungo mpaka kuseri. Kumeneko kuli dimba limene amayi ndi bambo ankalimamo mbatatesi, ndipo chimwalirire amayi langomera udzu. Ndinawapeza bambo atakumba kale mzere umodzi, wilibala ili pambali. Ankayala nsomba m'ngalandemo ndi manja, n'kukwirira ndi fosholo. Kuno ndi mmene anthu amadyetsera nthaka kuyambira kale. Ndinakulira pa fungo limeneli, koma dzulo lonse sizinandibwerere m'mutu.

Ndinaima ndi thumba langa la mchere.

"Ababa, nsombazi si zopita nazo ku Alberta?"

"Nsomba zikatani ku Alberta?"

"Koma chaka chino simunabzale kanthu. Mukudyetsa chiyani?"

"Chaka chino ikudya ndi nthaka. Mbatatesi ndi chaka chamawa."

Ndinamva bwinobwino, komabe ndinayesa. Ndinati Loweruka tili ndi ndege. Sanadzutse mutu.

"Iwe uli ndi ndege."

Achemwali anali atafika, ataima pa mpanda ndi katundu wa kusitolo. Anafunsa ndi iwo funso limene ine ndinkaopa, kuti nanga chisanu chikadzafika, chipale chofewa n'kutseka njira, iwo ali okha.

Bambo anatsamira fosholo. "Chisanu ndakhala nacho chibadwire, Verna. Chinkandivuta ine linali khomo. Ndikadzagwa mudzanditole, mudzanditengere kumene mukufuna, sindidzakana. Koma sindinagwe."

Achemwali anaika matumba pansi, anaseka, kenako analira, kenako anawakalipira kuti avale chipewa dzuwa lingawawawule.

Joanne, ndili ndi mantha. Nesi uja sananame, ndipo ine ndidzakhala kutali nyengo yachisanu yonse ndikumvetsera foni. Ndikudziwanso kuti unatopa nacho chipinda chija. Koma munthu amene ndinamuona dzulo ali m'madzi sindingamukhazike pa zenera loyang'ana magalimoto. Loweruka ndidzatsika ndekha. Tess umuuze mwanzeru.

Ndisiyire pomwepa, akundiitana. Andipatsa fosholo ina. Akuti mzere wachiwiri ndikumbe mozama ndipo ndisaupinde, chifukwa umenewo ndi wanga, ndidzabwera kudzakumba ndekha mbatatesi zake chaka chamawa.

Wako,
Selby